Ndinamata Bondo la Apongozi Ndikuyang'ana Kumbali

Ku Mtunthama kuli anthu ena amene mpaka lero akandiona ndikudutsa pa njinga amagwira bondo n'kuyamba kutsimphina. Sindikwiya nawo. Ndikanakhala ine ndikanateronso, mwina n'kuwonjezerapo ndi kanyimbo komwe. Koma popeza nkhaniyi aliyense amaikamba mmene wafunira, ena mpaka kumati ndinathyola mwendo wa munthu wamkulu, ndati ndiikambe ndekha mwini wakene.

Ine ndine mkamwini. Pamudzi pano ndinafika ndi kachikwama kamodzi ndili mnyamata, lero imvi zili mbuu, koma ukamwini sutha ndi imvi. Apongozi anga ndi aNamwale, mayi wamasiye wolimbikira ntchito, ndipo munda umene ndimalimapo fodya ndi wawo. Chikwatirireni mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanayang'ananepo m'maso. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kutchire la uku, iwo kutchire la uko, njira n'kutsala yokha. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mkazi wanga, mayi a Tadala, ngakhale ine ndili pomwepo ndikumva. Mkazi wanga akachokapo ankauza chilichonse chimene chili pafupi, makamaka nkhuku. "Iwe nkhuku, denga la nkhokwe lija likudontha. Kaya amuna a pamudzi pano aliona." Ine n'kumva, m'mawa mwake n'kukafolera.

Musaganize kuti chinali chidani. Ndinkawakonda kwambiri mayi amenewa, ndipo iwonso chaka chimene fodya wanga anabwezedwa ku okushoni anatidyetsa osadandaulira ngakhale nkhuku yomwe. Ndi mmene tinaleredwera basi.

Tsono m'zaka zija za makuponi, bondo lawo linayamba kuvuta. Nyamakazi. Zaka zonse zowerama pa nazale ndi kusenza makheni othirira zinawapeza. Ankati akadzuka m'mawa bondo lauma, akakhala pansi kudzuka kwake mpaka agwire chipupa. Kutchalitchi anasiya kugwada, zimene zinkawapweteka mtima kuposa bondolo.

Chaka chimenecho dzina lawo linatuluka, kuponi ya feteleza analandira. Koma chifukwa cha mavenda ogula makuponi, kumsika kunabwera lamulo loti mwini kuponi azifika yekha pawindo n'kudinda chala. Wodziwa nthaka ya kuno, imene fodya anaiyamwa kale, akudziwa kuti chimanga chopanda feteleza chimalekezera m'chiuno. Ndipo aNamwale si munthu wodya za m'nkhokwe ya mkamwini. Ankafuna chimanga chawochawo, cholima okha. Kuti zimenezo zitheke ankayenera kukaima pamzere ndi miyendo yawo.

Mwatsoka, masiku omwewo mkazi wanga anapita ku Lisasadzi kukasamalira mng'ono wake amene ali kuchitengwa, atachira movutikira. Mwana wathu Tadala naye anali kutauni, ndiye wowaperekeza apongozi kuchipatala ndinali ine.

Kumeneko anatilozera ku chipinda cha mafizo. Tinapezamo mtsikana wa msinkhu wa Tadala wathu, wansangala, wolankhula mofulumira. Anawafunsafunsa apongozi, n'kutifotokozera kuti choterera cha pakati pa mafupa a bondo chinaperepeseka, ndiye mafupawo akukhulana. Anati kubwezeretsa sikutheka, koma pali mafizo olimbitsa ntchafu, ndiponso pali tepi yomata pabondo yochepetsa ululu kuti munthu aziyendako bwino. Mpaka apa ndinkamva zonse, ndikugwedeza mutu ngati mkulu wa mpingo.

"Gadiyani wawo ndinu?" anandifunsa.

"Ndine, adokotala."

"Chabwino. Senderani kuno muonetsetse, chifukwa ikamatuka mukamata ndinu kunyumba. Agogo, takwezani chitenjecho."

Abale anga! Chitenje cha apongozi, kukwera, ine ndilipo! Ndinasendera ndithu, poti analamula ndi adokotala, koma maso ndinawaponya kudenga. Kudengako kunali nalimata, ndipo ndikhoza kukuuzani zonse za nalimata ameneyo, mpaka mchira wake woduka.

"Mukuona mmene ndikuchitiramu, bambo?"

"Ndikuona bwino lomwe."

(Sikunali kunama kwenikweni. Kuona ndinkaona, kungoti ndinkaona nalimata.)

Mtsikanayo ankafotokoza uku akudula tepi ndi sizasi, koma m'makutu mwanga munkangolira mtima. Mawu ake ankalowa uku n'kutulukira uko. Nanga bwanji sindinamuuze kuti mayiwa ndi apongozi anga? Manyazi. Ndinaona ngati mwana wasukulu ameneyu atiseka kuti ndife akumudzi. Komanso mumtima ndinkati, kumanga kokha ndiye ndiphunzitsidwe ndi mwana? Ine amene ndimamanga zindindi za fodya osamasuka mpaka ku Lilongwe? Amene ndikamanga thumba pa njinga ndi malegeni, womasula amachita kufuna mpeni?

Potuluka anandipatsa mpukutu wa tepi wotsala, ine n'kuuika m'thumba la jekete monyadira. Ndipo tepiyo inathandiza, musanene. Sindinawayang'ane apongozi, koma ndinkamva mapazi awo kumbuyo kwanga kuti akuponda mosiyana ndi pobwera. Sabata imeneyo anapita kudimba okha. Ndinawamva akuuza nkhuku kuti, "Pulasitala ya mtsikana uja ili ndi nzeru."

Kenaka kunamveka kuti lole ya feteleza yafika ku Mtunthama, ndipo aka n'komaliza chaka chino. Tambala atangolira, mudzi wonse unakhamukira kumeneko kukagwira malo. Ife tinagwirizana (kudzera mwa nkhuku yomweyo) kuti tinyamuka kukayera, ndiwakweze pa njinga.

Kutacha ndinatulutsa njinga n'kupopa matayala, koma pakhomo pa apongozi panali zii. Patapita kanthawi ndinamva mawu ochokera pakhonde, otsika kwambiri.

"Iwe nkhuku, pulasitala ija yamatuka posamba dzulo. Bondo lauma gwa. Kaya opita kumsika akaima bwanji."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Pamudzi panalibe mzimayi ngakhale mmodzi woti n'kumutuma. Ndipo akanakhalapo ndikanamuuza chiyani, za nalimata? Apa m'pamene munthu wanzeru akanaulula kuti sanaone kanthu. Ine ndinakonza kukhosi n'kuyankha nkhuku.

"Uwauze kuti asade nkhawa. Ophunzira kuchipatala alipo."

Ndikudziwa kuti ankayeza ziwiri: kugwidwa mwendo ndi mkamwini, kapena kugona ndi njala chaka chamawa. Kenaka ndinamva mphasa ikuyalidwa.

Mmene tinachitira ndi umu. Iwo anatambalala pamphasa, n'kufunda chitenje china kumutu, nkhope kuloza kuchipupa. Ine ndinayandikira chogwada, chammbali ngati nkhanu, khosi nditalipotolera ku chigafa cha fodya. Ndinatambasula dzanja n'kuyamba kufufuza ngati wakhungu. Ndinagwira mphasa. Ndinagwira mpendero wa chitenje n'kubweza dzanja ngati ndagwira khala lamoto. Kachitatu ndinapeza bondo.

Pamenepo m'pamene chinandifikira chinthu chimene ndinali ndisanachiganizepo. Munthu amakhala ndi mawondo awiri. Lowawa ndi liti? Zaka zonsezi ndinkangodziwa kuti apongozi amatsimphina, koma mwendo wake sindinkaudziwa, poti ndinali ndisanawayang'anepo kumiyendo. Nanga n'kufunsa? Mkamwini n'kutsegula pakamwa kuti, amayi, mwendo wanu uti? Komanso ndikanafunsa zikanaululika kuti kuchipatala kuja ndinkawerenga malata. Ndinadziuza kuti bondo limene labwera lokha m'dzanja langa ndi lomwelo.

Nditangomata nsonga ya tepi, apongozi anatsokomola. Ndinapitiriza. Anatsokomolanso.

"Iwe nkhuku," anatero chapansipansi, "ukupalasa poti palibe chimanga."

Ndinayang'ana nkhuku ija, ndipo inkapalasadi pambali pa khonde. "Shi! Choka apa, ukusokoneza anthu!" ndinaithamangitsa ndi dzanja linalo. Apongozi anapuma mpweya wautali.

Ndiye ndinagwira ntchito monga ndimaidziwira. Ndinakoka tepi mpaka italira, n'kuzunguliza mwendo wonse, n'kukokanso, n'kuzungulizanso, kutsika mmunsi, kukwera mmwamba. Ndinkati mtsikana uja anachita kuumira tepi, n'chifukwa chake yamatuka msanga. Yanga siimatuka mpaka kukolola. Mpukutu wonse unathera pomwepo. Pomaliza ndinagogodapo ndi chala monga ndimachitira ndi belo ndikalitulutsa mu jeke, ndipo panali nga nga nga. Ndinanyadira, Mulungu andikhululukire.

Pa njinga anakwera movutikira, koma ine kumbuyo sindinacheuke. Panjira anthu ankatiloza, ena kufuula. Ine ndinkangokweza dzanja poyesa moni. Ndinamva pambuyo pake kuti mwendo wa apongozi unali utawongoka ngati mkangala, ukusesa udzu wa m'mbali mwa msewu.

Ku Mtunthama tinapeza anthu ali yakaliyakali, mzere wa amayi pawokha, wa abambo pawokha. Apongozi analowa pamzere atatsamira ndodo, ine ndinakakhala pansi pa mtengo chapatali, kulondera njinga ndi kukamba za mitengo ya fodya ndi anzanga. Dzuwa la nthawi yodikira mvula mukulidziwa. Mzere unkayenda ngati wadwala. Cha kumasana kunayamba manong'onong'o oti matumba atsala ochepa, anthu n'kuyamba kukankhana.

Posakhalitsa ndinamva mfuu. "Agogo agwa! Agogo agwa kuno!"

Ndinasiya njinga osakhoma. Ndinapeza amayi atazungulira, apongozi ali pansi, kuponi ataifumbata pachifuwa. Amene ankatsogolera zinthu anali mayi wina wa ku Phalombe, mkazi wa tenanti wa pa esiteti ina, wamfupi koma pakamwa ngati lumo. Anali atakweza kale chitenje cha apongozi n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Taonani phazi latupa ngati mkate, zala zachita kuzizira! Agogo, wakumangani ndani chonchi ngati mbuzi yopita kumsika?"

Apongozi anangotembenuzira nkhope kumbali.

"Tepi iyi ndi ya kuchipatala," anatero mayi wina. "Ndi ana asukulu aja amenewa. Amaphunzirira pa ife."

Zinayamba kufalikira pamzere, aliyense akuponyapo lake pa anthu a kuchipatala. Ndikanatha kungokhala chete, ndipo sindinama, ndinaganizako. Koma ndinakumbukira mtsikana uja mmene anawagwirira apongozi dzanja powatsitsa pabedi.

"Ndine," ndinatero, maso ali pansi.

"Mwati bwanji, bambo?"

"Ndamanga ndine. Kuchipatala anamata bwinobwino."

Mayi wa ku Phalombe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu ndinu mwana wawo?"

"Ayi. Mkamwini."

Chiphwete chinaphulika mpaka kumzere wa abambo. "Mkamwini! Wagwira mwendo wa apongozi!" Bambo wina anachita kukhala pansi. Mayi wa ku Phalombe yekha ndiye sanaseke. Anapempha lumo kwa wogulitsa pafupi n'kuyamba kudula tepi mosamala, uku akung'ung'udza kuti ngakhale belo la fodya amalisiyira popumira. Atamaliza anasisita bondolo, n'kulipinda, n'kuliwongola, kenaka anakwinya nkhope.

"Koma agogo, bondo ili likupindika bwinobwinotu. Limakuwawani pati?"

Apongozi anayankha ndi mawu aang'ono, atayang'ana pansi. "Lowawa ndi linali."

Sindifuna kufotokoza phokoso limene linatsatira. Ndingoti ngakhale mlonda wa pachipata anasiya chipata.

Koma kuseka kunatha msanga, chifukwa apongozi atayesa kudzuka analephera. Mwendo umene ndinamanga unali dzanzi lokhalokha. Bondo lodwala lija, limene linasenza thupi lonse lokha kuyambira m'mawa popanda chothandizira, linali litatupa moti silinkalola n'kukhudzidwa komwe. Pawindo kalaliki anafuula kuti matumba atsala owerengeka, mwini kuponi afike yekha, za otumidwa sakumva. Mzere unasuntha. Amayi aja anayang'anana, aliyense ali ndi ana ake kunyumba, ndipo mmodzimmodzi anabwerera m'malo awo. Sindiwanena.

Pamenepo ndinamva kakulira kotsika, kosafuna kumveka. Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana apongozi anga kumaso, koyamba chikwatirireni. Ndinaona kuti ali ndi mphini ziwiri zakale patsaya, zimene sindinkadziwa. Ndinaona kuti maso awo ndi a Tadala wanga enieni. Ndinaonanso kuti akalamba kwambiri kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo misozi inkatsikira m'makwinya n'kudonthera pa kuponi. Mayi ameneyu anapirira ululu tsiku lonse kuti asandichititse manyazi, ndipo ine ndinali nditamudyera chimanga cha chaka chonse chifukwa cha ulemu.

Iwonso anandiyang'ana. Nkhuku panalibe.

"Bambo a Tadala."

"Wawa, amayi."

"Manyazi atipha. Tembenukani, mundibereke."

Ndinanjuta. Mayi wa ku Phalombe anawakweza kumsana kwanga, n'kuvula chitenje chake chapamwamba, n'kutimanga nacho ngati mayi ndi khanda. "Ichi ndiye ndimanga ndine," anatero, "inu musakhudze mfundo." Kenaka anatsogola akukankha anthu ndi zigongono. "Tapatukani! Malo a agogo anali apa, tonse tinawaona!"

Apongozi anali opepuka, abale. Ndinkayembekeza kulemedwa, koma thumba la feteleza limalemera kuposa iwo. Anthu anapatuka, ena akuseka, ena akululutira, mayi wina wachikulire akupukuta m'maso. Apongozi anatambasula dzanja pamwamba pa phewa langa n'kudinda chala ali kumsana komweko. Feteleza tinapeza. Kumbuyo kwathu anapezako anthu ochepa chabe, windo n'kutsekedwa.

Pobwerera matumba ndinawasungitsa kwa mnzanga wa ngolo, apongozi n'kukwera pa njinga. Tikuwoloka kadambo kena anayamba okha.

"Ine ndinadziwa pomwe paja kuti mwagwira lolakwika."

"Nanga osanena bwanji, amayi?"

"Ndinanena. Inu munathamangitsa nkhuku. Kenaka ndinati kaya mwina adokotala anakuuzani kuti ulendo wachiwiri muzimata linalo, monga timachitira kasinthasintha kumunda. Nanga ine n'kutsutsa munthu wophunzira?"

Njinga inagwedera chifukwa ndinkaseka uku misozi ikutuluka, ndipo kumbuyo ndinamva iwonso akuseka.

Titabwerera kuchipatala ndinamuuza mtsikana wa mafizo uja zonse, kuyambira pa nalimata. Sanaseke msanga ayi. Anayamba wandikalipira kuti kumanga kotero kumatseka magazi, ndipo zikanapitirira tikanakamba zina. Kenaka anati, "Mukanangondiuza kuti ndi apongozi anu. Inenso kwathu ndi konkuno, bambo anga amathawira m'chimanga akaona agogo." Apa m'pamene anaseka, mpaka kutsamira kabati.

Anadikira kuti kutupa kutsike, ndipo tsiku lina anandiphunzitsanso, maso anga ali pompo. Zinali zosiyana kutalitali ndi zimene ndinachita. Khungu likhale loyera ndi louma, losadzola mafuta. Tizidutswa ta tepi n'tatifupi. Umakankhira pang'ono kafupa ka pamwamba pa bondo chamkati, n'kumata mofatsa, osazunguliza mwendo ngakhale kamodzi. Ukamaliza umafunsa mwini bondo ngati akumva bwino, ndipo pakachita dzanzi kapena kuyabwa umamatula. Anawonjezera kuti tepi ndi yongothandizira, chachikulu ndi mafizo a tsiku ndi tsiku. Bondo la apongozi ndinaliona. Ndi bondo basi, ngati langali.

Mkazi wanga pobwera ku Lisasadzi nkhani anali ataimva kale mu minibasi, yothiridwa mchere. Anaseka mpaka ntchofu inamugwira, kenaka anati ntchito yomata aitenga iye kuti mudzi upume. Apongozi anayang'ana nkhuku imene inkadutsa n'kunena kuti, "Uwauze aleke. Wophunzira alipo."

Chimanga chawo chaka chimenecho chinabereka, ndipo chinalowa m'nkhokwe yawo. Mukafunsa ngati tinasiya mwambo, ayi, sitinasiye. Tikakumana panjira ndimapatukabe, iwonso amapatuka, ngakhale masiku ano sapita patali chifukwa cha bondo. Za denga lodontha ndimamverabe kwa nkhuku. Koma tsiku lomata tepi likafika, amayala mphasa pakhonde, n'kutambalala osafunda kumutu, ndipo ndisanatulutse n'komwe sizasi amamenya bondo lakumanzere ndi chikhatho.

"Ili, bambo a Tadala. Ili."

Ndinalidziwa kalekale, ndipo iwo akudziwa kuti ndikulidziwa. Koma ndimaliyang'anitsitsa ndithu, n'kuyankha kuti, "Ndaliona, amayi."